Thanki ya kuchimbudzi ya m'kalavani yadzaza koma sikutuluka kanthu

WakuMishawaka
Abale anga, makamaka inu a kuno ku Indiana ndi Michigan, ndigawireni nzeru. Tinagula kalavani yokoka ndi pikapu, yakale ndithu, kwa munthu wina wa kuntchito. Panopa taimika pa kampu yomwe malo aliwonse ali ndi magetsi, madzi ndi dzenje lakelake la suweji. Mwini wake wakale anandiuza kuti ndikangofika ndizilumikiza paipi n'kukoka zogwirira zonse ziwiri, chakuda ndi chotuwa, kuti zonse zizipita zokha. Tachita zomwezo. Lero chimbudzi chayamba kugeya, ukaponda kuti madzi apite chikumachita thovu n'kubweza fungo. Timagetsi ta pakhoma tikuonetsa kuti thanki yadzaza, koma kunja m'paipi muli zii. Mayi a kunyumba akuti akagona m'galimoto. Ndiitane pulambala kapena pali chimene ndingachite ndekha?

Usipa_Wowuma
Kkkkk takulandirani achimwene. Mwamanga chulu.

WakuMishawaka
Chulu chanji amwene, ine zanga zavuta kuno.

ChemwaliWaElkhart
Musaitane kaye pulambala achimwene, ndalamazo sungani. Ine ndimagwira ntchito mu fakitale ya makalavani kuno ku Elkhart, ndipo zimene mwafotokozazi ndi vuto lofala kwambiri kwa ogula kumene. Amene anakugulitsani uja anakusokeretsani.

Pansi pa kalavani yanu pali mathanki atatu. Ina ndi ya madzi abwino. Ina, ya chogwirira chotuwa, imalandira madzi a m'sinki ndi a kubafa. Yachitatu, ya chogwirira chakuda, imalandira za kuchimbudzi zokha. Chimbudzi cha m'kalavani sichili ngati cha m'nyumba chomwe chimakhuthula madzi ambiri kamodzi n'kukankha zonse mpaka kumsewu. Ichi chimangotsegula kadzenje, zinthu n'kugwera m'bokosi lapulasitiki lomwe pansi pake ndi pafupifupi pathyathyathya. Mukasiya valve yakuda (kachitseko kamene chogwirira chakuda chimatsegula) yotsegula, madzi ndi mkodzo zimathawa nthawi yomweyo, zolimba ndi mapepala zimatsala pomwe zagwerapo. Mawa zina zigwera pamwamba pake. Zimauma, zimakwera, mpaka kufika pakamwa pa paipi ya chimbudzi. Ndiye chulu chimene akunena a Usipa chimenecho. Thanki yanu sinadzaze ayi, yangotsekeka pakhomo.

Chitani izi lero lomwe. Kankhani chogwirira chakuda, mutseke. Zimitsani madzi olowa m'kalavani, pondani chopondera cha chimbudzi n'kuunika m'dzenjemo ndi tochi. Ngati paipi yake ndi yolunjika pansi muona nokha muluwo. Pezani kandodo kapulasitiki kapena chidutswa cha paipi yofewa, muboole pakati pang'onopang'ono, osati ndi chitsulo chifukwa mungang'ambe rabala ya chimbudzi kapena kuboola thanki. Njira ikapezeka thirani madzi ambiri, ofunda ngati alipo, mpaka thanki itatsala pang'ono kudzaza. Ikanimo mankhwala aja a enzyme, ofewetsa zoipa ndi mapepala, a m'mathanki a RV, dzina la makalavani kuno. Musiye usiku wonse, bwinonso tsiku lathunthu, ana azipita ku zimbudzi za pa kampu. Kenako kokani chakuda kamodzi n'kamodzi. Mwina mudzabwereza kawiri kapena katatu.

Mlonda_wa_Gule
Achemwali afotokoza bwino, koma ine ndisanavomereze za chulu ndifunse: mukakoka chogwirira chakudacho chikumveka kuti chikukoka chinthu, kapena chikungobwera mopepuka? Makalavani ena valve ili kutali mkati, imakokedwa ndi waya. Wayayo akaduka kapena kumasuka, inu mumaona ngati mwatsegula pomwe kachitseko ka mkati sikanasunthe. Zikatero thanki imadzazadi zenizeni, ndipo kuthiramo madzi ena n'kuwonjezera mavuto.

WakuMishawaka
Chikulimba ndithu pokoka akulu. Ndipo masiku oyamba ndinkamva madzi akuyenda m'paipi munthu akatuluka kuchimbudzi.

Mlonda_wa_Gule
Basi ndiye ndi chulu. Tsatirani za achemwali.

NaPhiri_Leeds
Ine ndikungodabwa ndi inu a ku America. Mumayendadi mumsewu mutanyamula dramu yonse ya zoipa pansi pa bedi? Kuno ku UK kalavani ili ndi kabokosi kochotseka, cassette, ka malita osakwana 20. Umatsegula kachitseko kunja, kusolola, kukakoka pa matayala ake mpaka pa Elsan point, potayira za kuchimbudzi pa kampu, kukhuthula, kutsuka, kubwezera. Chachikulu n'kukumbukira kudina kabatani kolowetsa mpweya pokhuthula, apo ayi kamakuthovukira kumapazi. Madzi a m'sinki amagwera mu Wastemaster, kathanki ka matayala, pansi pa kalavani. Palibe za mapaipi a mainchesi atatu, palibe chulu.

Usipa_Wowuma
Ndiye kuti mayi mumanyamula pamanja masiku awiri aliwonse, anthu akuona. Ife timangokoka chogwirira titavala magalasi a dzuwa.

NaPhiri_Leeds
Onse pa kampu amanyamula, bambo, ndani aseke mnzake? M'mawa pamakhala mzere, azungu okalamba ndi tizikwama tawo, kupatsana moni ngati ali pa chigayo.

JoniBoy_Kempton
Kuno ku Joni nkhani yake ndi ina. Abwana anga akale anali ndi kalavani ya Jurgens, tinkapita nayo ku Kruger. Anthu ambiri a makalavani kuno sagwiritsa n'komwe chimbudzi cha mkati, pa kampu pali ma ablution abwinobwino, ndiye kuti zimbudzi, mabafa, malo otsukira mbale. Porta Potti, kachimbudzi konyamula, ndi ya usiku basi, ya ana kapena agogo oopa afisi oyenda m'mbali mwa mpanda. Madzi a m'sinki amagwera m'ndowa. Wokataya ndowayo anali ndani, musandifunse.

Dalaivala_I80
Ndiwonjezere pa zimene anena achemwali a ku Elkhart, poti mukachotsa chuluchi mudzafunika kudziwa katayidwe koyenera, apo ayi mwezi wamawa mudzabweranso pano.

Valani magolovesi otaya. Musanachotse chivindikiro cha paipi ya kalavani, onetsetsani kuti zogwirira zonse ndi zotseka, ndipo chotsani pang'onopang'ono nkhope ili pambali, chifukwa valve yakale imadontha ndipo kuseri kwa chivindikiro kumasonkhana kapu imodzi ya zinthu zosafunika kuziona. Lumikizani paipi ku kalavani, potokolani mpaka timano tonse tagwira. Mbali inayo ilowe bwino m'dzenje, mutsamikepo mwala kapena phazi, chifukwa thanki yodzaza ikatseguka paipi imadumpha.

Choyamba chakuda. Dikirani mpaka phokoso lithe. Tsekani. Kenako chotuwa, kuti madzi a sopo aja atsuke m'paipi. Mukayamba ndi chotuwa mudzapinda paipi ili ndi zakuchimbudzi mkati, n'kukaiika m'bampala choncho. N'chifukwa chake ngakhale pa kampu ya suweji, ngati mumakonda kusiya chotuwa chotsegula, muzichitseka kutatsala tsiku limodzi kuti mutaye, anthu asambe, madzi asonkhane.

Gulani kachigongono kapulasitiki koonekera mkati, kolumikiza pakati pa kalavani ndi paipi. N'konyansa kuyang'ana koma ndi kokhako kamene kamakuuzani zoona, kuti madzi ayera kapena ayi.

Ndipo musataye thanki yakuda ili ndi zinthu pang'ono. Idikireni ifike magawo awiri mwa atatu. Mphamvu yokokolola imachokera ku kulemera kwa madziwo. Ngati nthawi yonyamuka yakwana thanki isanafike pamenepo, pondani chimbudzi muthire madzi mpaka ifike.

AnaBanda_Niles
Apa mpamene pali nkhani yeniyeni kwa ife a Malawi. Tinakula tikutunga madzi kudilawo kapena kumjigo, ndowa pamutu, ndipo mwana wotaya madzi ankalandira khofi. Ku Ndirande mpopi umatha masiku uli wouma. Ndiye munthu ukalowa m'kalavani n'kuona kuti thanki ili ndi malire, mtima umakuuza kuti uponde pang'ono, madzi asawonongeke, thanki isadzaze msanga. Amuna anga anafika poika lamulo kwa ana loti kuponda kusapitirire kuwerenga mpaka 2. Zotsatira zake ndi zomwe zawagwera a ku Mishawaka, ngakhale kuti ife valve tinkatseka. M'chimbudzi cha kalavani kuumira madzi ndiye kumawononga. Musanakhale dzazani kaye mbale ya chimbudzi ndi madzi, mukatha pondani nthawi yaitali. Ndipo mukangotaya thanki, musaisiye youma, thiranimo ndowa imodzi ya madzi pansi pakhale ponyowa zinthu zisanayambe kugwera.

Usipa_Wowuma
Lamulo la kuwerenga mpaka 2 kkkkk. Madala amenewo anaphunzira ku sukulu ya boarding.

AnaBanda_Niles
Ali pagulu pompano, akuwerenga. Asiyeni.

Mlonda_wa_Gule
Ine za mankhwala ndimatsutsa. Mabotolo aja ndi malonda chabe. Madzi okwanira ndi kasopo kotsukira mbale basi, thanki yanga sinanunkhepo.

ChemwaliWaElkhart
Theka ndikuvomera akulu. Pa tsiku ndi tsiku madzi ndiye ofunika kuposa botolo lililonse. Koma mu July kuno kukatentha, thanki itakhala sabata, kusiyana kumamveka ndi mphuno. Ndipo pa chulu chouma ngati cha achimwenewa enzyme imathandiza kufewetsa mapepala. Amene sindiwafuna ndi mankhwala akale aja abuluu okhala ndi formaldehyde. Amapha fungo pophera limodzi tizilombo tomwe timagaya zoipa m'ma septic tank a pa kampu. Ku California analetsa kugulitsa amtunduwu kuyambira mu 2022. Werengani pa botolo musanagule. Komanso musasakanize bleach ndi mankhwala ena m'thanki, mkodzo uli ndi ammonia, mpweya wake ndi woipa m'kanyumba kakang'ono ngati kameneka.

NaPhiri_Leeds
Kunonso makampu ena okhala ndi septic tank amalemba pachikwangwani kuti obiriwira okha, abuluu ayi.

Kondowole99
Pepani ndilowetse yanga. Ine chimbudzi chili bwinobwino, koma fungo likuchokera m'sinki ya kukhitchini, ngati mazira owola. Kodi mathanki awiriwa angalumikizane mkati?

AnaBanda_Niles
Mumaphika nsima m'kalavanimo?

Kondowole99
Nanga n'kudya chiyani mayi, ma hot dog?

AnaBanda_Niles
Ndiye yankho ndi limenelo. Mukaviika mpoto, nkhoko zija zimafewa n'kutsikira m'sinki. Onjezani mafuta a nkhuku, msuzi wa nyemba, timitu ta usipa. Zonsezo zikukagona m'thanki yotuwa n'kumasasa ngati mukufulula. Thanki yotuwa imatha kununkha kuposa yakuda, anthu sakhulupirira mpaka zitawachitikira. Ine mpoto ndimaviika panja, nkhoko ndimakokota n'kutaya m'bini, mbale ndimapukuta ndi pepala ndisanatsuke, ndipo pa sinki pali kasefa.

ChemwaliWaElkhart
Zoona zimenezo. Koma a Kondowole onaninso zinthu ziwiri. Pansi pa sinki pali paipi yokhota yomwe imasunga timadzi totchinga fungo. Kalavani ikayenda mumsewu wa mabampu kapena ikakhalitsa osagwiritsidwa ntchito, timadzito timatha, ndiye tsegulani mpopi pang'ono mukangofika. Chachiwiri, m'kabati ya pansi pa sinki momwemo mumakhala kachipewa kapulasitiki pamwamba pa paipi yoimirira, kolowetsa mpweya madzi akamatsika. Rabala yake ikauma kamatulutsa fungo la m'thanki. Kamangopotokoledwa ndi dzanja, katsopano n'kotchipa ku hardware iliyonse. Mathankiwo salumikizana mkati, amangokumana pa paipi yotulukira, kuseri kwa ma valve.

Usipa_Wowuma
Pomwe tafika pa nsima, ufa woyera weniweni ukupezeka kuti kuno? Wa m'mashopu a anthu a ku Mexico uja nsima yake ikumamveka laimu.

AnaBanda_Niles
Umenewo ndi masa, wa ma tortilla, chimanga chake amaphika ndi laimu. Funani wolembedwa white corn meal wosalala, kapena pitani ku shopu za anthu a ku Africa mukafunse wa ugali.

JoniBoy_Kempton
Bwerani kuno mudzatenge Iwisa, musavutike.

Mlonda_wa_Gule
Abale, munthu chimbudzi chatsekeka, inu muli pa ufa.

Mphwanga_wa_Dowagiac
Funso langa ndi la kotayira. Ife timakonda ma state park, ngati Potato Creek kapena Warren Dunes, komwe malo ambiri ali ndi magetsi okha, suweji kulibe. Lamlungu masana pa dump station, potayira za m'mathanki, pamakhala mzere wautali, aliyense akutuluka nthawi imodzi. Madzi otuwa okha, a sopo chabe, sindingangowatsegulira pa udzu usiku? Kwathu madzi osambira timathira pa nthochi kuseri kwa bafa ndipo nthochizo zimabereka bwino.

Dalaivala_I80
Ayi mphwanga. M'ma state park n'zoletsedwa, akakupeza ndi faindi kapena kukuthamangitsa. Kumudzi ndi banja limodzi pa nthochi zake. Pa kampu malo omwewo mawa pabwera ena ndi ana okwawa, ndiye mafuta ndi nyenyeswa za chakudya zimaitana ntchentche ndi ma raccoon. Ndiponso madziwo atulukira pa paipi yomweyo yomwe mumadutsa zakuchimbudzi, si a sopo chabe.

Za mzere njira zilipo. Nyamukani m'mamawa kapena tsalirani mpaka madzulo. Kapena gulani kathanki ka matayala kaja, muzikhuthuliramo pakati pa sabata n'kukakokera ku dump station pang'onopang'ono ndi galimoto. Kapena tulukani nazo, mukataye pa ma truck stop, malo ambiri a Flying J ndi ena a Love's ali ndi potayira, mumalipira kandalama pang'ono. Kungoti kumbukirani kulemera. Galoni imodzi ya kuno ndi malita 3.8, ndiye thanki ya magaloni 40 ikadzaza ndi makilogalamu pafupifupi 150. Mathanki awiri odzaza ndi matumba asanu ndi limodzi a chimanga akukhuvuka pansi pa kalavani, ndipo ngati ali kumbuyo kwa matayala amapepukitsa kutsogolo, kalavani n'kumayamba kugwedeza mchira pa highway.

Nesi_waku_Kalamazoo
Ndilankhuleko monga wa zaumoyo. Ife a Malawi sitifunika kuuzidwa zimene zoipa za munthu zimachita zikakumana ndi madzi akumwa. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu opitirira 1,700 kwathu, ambiri a ife tinalira maliro pa foni. Kuno kolera kulibe koma tizilombo totsegula m'mimba monga norovirus, giardia ndi E. coli tilipo, ndipo njira yake ndi yomweyo, kuchoka m'manja kupita m'kamwa.

Chimene chimandiopsa pa dump station ndi mapaipi a madzi. Pamakhala mpopi wotsukira, wolembedwa kuti madzi ake si akumwa. Paipi ya pamenepo anthu amailowetsa m'kati mwa paipi ya suweji. Ndaonapo ndi maso anga munthu akudzazira thanki ya madzi akumwa pa mpopi womwewo. Mpopi wa madzi akumwa umakhala patali dala. Inunso khalani ndi mapaipi awiri a mitundu yosiyana: yoyera ya madzi akumwa, ina yakuda kapena ya orenji yotsukira thanki, ndipo zisagone m'bokosi limodzi. Mukavula magolovesi sambani ndi sopo. Sanitizer yekha sagwira bwino norovirus. Foni musaigwire muli pa ntchitoyi.

Mphwanga_wa_Dowagiac
Nanga kunyumba? Kutsogolo kwa nyumba yathu pamsewu pali dzenje la zitsulo lomwe mumalowa madzi a mvula.

Dalaivala_I80
Limenelo ndiye musayerekeze n'komwe. Madzi a m'menemo m'malo ambiri sapita kokatsukidwa, amathera mumtsinje, kwa inuko ndiye kuti St. Joseph River kenako Lake Michigan. Ndi mlandu. Chimene ena amachita ndi kugwiritsa ntchito cleanout ya nyumba, kapaipi ka chivindikiro kotulukira pansi pafupi ndi khoma, kolowa mu suweji yeniyeni. Koma funsani kaye a mzinda wanu ngati amalola, ndipo ngati nyumba ndi ya lendi funsani eni ake. Ngati muli pa septic tank samalani, magaloni 40 kamodzi ndi katundu.

WakuMishawaka
Ndabwerako abale. Ndinaunika ndi tochi, chulu chinalipodi, sindifotokoza zambiri poti ena mukudya. Ndaboola ndi chidutswa cha paipi, madzi ayamba kulowa, panopa thanki ndi yotseka ikuviikika. Ndapezanso kuti kunja kuli polumikizira pena polembedwa kuti tank flush. Ndilumikize paipi pamenepo ndisiye usiku wonse kuti idzaze bwino?

ChemwaliWaElkhart
AYI achimwene, chonde. Pamenepo pamapopera madzi m'thanki yakuda, ndipo palibe chozimitsa chokha. Mukasiya valve ili yotseka, thanki ikadzaza zinthu zimatulukira m'chimbudzi n'kusefukira m'kalavani, kapena kukwera paipi ya mpweya mpaka padenga, kapena thankiyo imafufuma n'kuthyola zomangira. Muzigwiritsa ntchito mawa potaya, chakuda chili chotsegula, inu mutaima pomwepo mukuyang'ana kachigongono koonekera kaja mpaka madzi ayere. Wina akakuitanani, tsekani mpopi kaye.

Usipa_Wowuma
Ine ndinamva kuti ukathira ayisi thumba limodzi m'chimbudzi n'kuyenda, amakwecha thanki yonse.

Mlonda_wa_Gule
Ayisi amasungunuka musanatuluke pa geti, ndipo amayandama, pansi safikapo. Chimene chimatsuka ndi madzi amene akukhuvukawo. Ikani ayisiyo mu cooler box.

WakuMishawaka
Nanga timagetsi ta pakhoma tija tidzayamba kunena zoona?

ChemwaliWaElkhart
Mwina, koma musatidalire. Makalavani ambiri ali ndi tizitsulo tobayidwa m'khoma la thanki pa misinkhu yosiyana. Kapepala konyowa kakangokakamira pa kamodzi, kagetsi kamati thanki yadzaza ngakhale mulibe kanthu. Mudzazolowera kumva ndi khutu: thanki ikatsala pang'ono kudzaza, kaphokoso ka madzi pogwa kamasintha ndipo chimbudzi chimayamba kugeya. Za mapepala, sikuti mpaka mugule odula olembedwa RV. Tengani mapepala awiri a amene muli nawo, ikani m'botolo la madzi, khutchumulani kangapo. Akaphwasuka ndi abwino. Ma wipes a ana ayi, ngakhale pa paketi atalemba kuti ndi otayira m'chimbudzi, amakakola pa valve n'kuilepheretsa kutseka.

AnaBanda_Niles
Ndipo poti ndi chaka chanu choyamba, October akamatha musaiwale chisanu. Tayani mathanki onse, muchotse madzi m'mapaipi, muthire antifreeze wa pinki wa RV, woletsa madzi kuundana, m'masinki, kubafa ndi pang'ono m'mbale ya chimbudzi kuti rabala isaume. Wa pinki, osati wa injini ya galimoto, ameneyo ndi poizoni. Madzi akaundana m'valve amaing'amba, mudzazindikira mu April mutaima pa mzere anthu akukuonerani.

JoniBoy_Kempton
Zonsezi kuti munthu akagone kutchire? Inu bwererani ku Mangochi, mukagone pa mkeka.

NaPhiri_Leeds
A Joni, inu munkataya ndowa ya abwana, musatiphunzitse.

Kondowole99
Achemwali a ku Elkhart, kachipewa ka pansi pa sinki ndakapeza, rabala yake yapindika ngati chipisi. Pali masaizi osiyana kapena ndingotenga kalikonse?

ChemwaliWaElkhart
Ambiri ndi a inchi imodzi ndi theka, koma kamasuleni mupite nako ku shopu mukayerekeze. Pa paipi potsalapo vindikirani ndi pulasitiki ndi labandi mpaka mubwere, apo ayi m'kalavani simukhalika.